Mawaipa Akaima, Yambani ndi Khutu, Sipanala Pambuyo

Mvula ya chizimalupsa ikangogwa, m'magalaja mumadzaza anthu odandaula chinthu chimodzi: mawaipa. Kuyambira mu Epulo mpaka mu Okutobala ambirife sitikhudza n'komwe swichi yake, kupatula anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene chiperoni chimawakumbutsa mu Juni ndi Julaye. Miyezi yonseyo labala la mawaipa limakhala likuwambika padzuwa, fumbi likulowa m'molumikizira zitsulo, masamba akuunjikana m'munsi mwa galasi. Tsiku lomwe kumwamba kudzatseguke, mukhudza swichi, zii.

Ine zinandionekera pamsewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, madzulo, ana ali kumbuyo. Waipa ya mbali yanga inangogona pakati pa galasi, ya mbali inayo ikupitirizabe kupukuta. Tinakhala m'mbali mwa msewu mpaka mvula inakata. Kutacha, munthu woyamba amene ndinamuonetsa galimoto anati tikagule mota ina ya mawaipa. Wachiwiri, bambo wachikulire, sanagwire chitsulo poyamba. Anandiuza kuti ndiyatse amve, natchera khutu, kenaka anatenga sipanala ya 14 n'kumanga nati imodzi. Ntchito inathera pomwepo. Kuchokera tsikulo, mawaipa akavuta ndimayamba ndamvera, ndipo ndimafufuza kuchokera pa chotsika mtengo kupita pa chodula. Mota imakhala yomalizira.

Zikakuchitikirani muli paulendo

Imani. Palibe ukatswiri woyendetsa galimoto usakuona. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono, yatsani mahazadi, tulukani mumsewu pamalo pouma ndi poonekera patali, osati pakona, pamlatho kapena kuseri kwa chitunda. Ikani matrayango, ina kutsogolo ina kumbuyo, patali ndithu ndi galimoto, chifukwa lole ikatsika mtsetse mvula ikugwa siimira pafupi.

Ndaonapo madalaivala akutulutsa mutu pawindo, ndaonanso kondakitala akukoka zingwe zomangirira kumawaipa, china uku china uko. Ena amati pakani mbatatesi yodula pagalasi kuti madzi azitsetsereka. Zonsezi zimapatsa munthu mtima woti apitirize ulendo pamene sakuona bwino, makamaka usiku nyali za anzanu zikamamwazika pagalasi lonyowa. Chimene ndingakulimbikitseni pamsewu ndi ichi chokha: ngati vuto ndi labala la mbali ya dalaivala limene lang'ambika, chotsani waipa ya mbali inayo muisamutsire kwanu. Mkono wotsala wopanda waipawo ukulungeni ndi nsalu yokhuthala ndi kumanga bwino kuti chitsulo chisakande galasi. Ndipo ngati mawaipa aima pakati, zimitsani swichi. Mota ikamakakamira pa chinthu chomwe sichikusuntha imatentha mpaka kupsa.

Choyamba, mverani

Pezani malo opanda phokoso. Tembenuzani kiyi kufika pa ON koma musalize injini. Ngati galimoto yanu ndi ya batani, dinani kawiri osaponda buleki. Zimitsani wailesi ndi fani. Thirani madzi pagalasi, chifukwa waipa yoyenda pagalasi louma la fumbi imakanda ngati sandipepa. Boneti ikhale yotseka bwino: galimoto zina za ku Ulaya, monga za Volkswagen, zimakana kuyendetsa mawaipa boneti ikakhala yotsegula.

Tsopano yesani malo onse a swichi limodzi limodzi: INT (kupukuta modukiza), LO (pang'onopang'ono), HI (mofulumira), ndi MIST (kamodzi kokha). Pa galimoto zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu, ma Vitz, Passo, Sienta, Demio, Note ndi Hiace, swichiyi ili kumanzere kwa chiwongolero; pa za ku Ulaya ili kumanja. Yesaninso kupopera madzi. Pamene mukuchita zimenezi, wina aime panja, khutu lili pafupi ndi chipulasitiki chakuda chimene chili pakati pa boneti ndi galasi. Mota imakhala kunsi kwake.

Mumva chimodzi mwa zitatu. Mota ikhoza kumalira bwinobwino, ikuzungulira mopepuka, koma mikono osasuntha, kapena ukusuntha umodzi. Apa magetsi alibe mlandu, musawononge nthawi ndi mafyuzi. Vuto lili pa zitsulo. Ikhozanso kung'ung'udza mobanika, kapena kugunda kamodzi n'kukhala chete. Pamenepo china chake chagwira, zimitsani msanga. Kapena simumva kalikonse, ndiye kuti moto sukufika, kapena mota yafa. Miniti imodzi yomvera imeneyi imakudulirani theka la ntchito, ndipo ngakhale mutaganiza zopita kwa makaniko, mupita mukudziwa chokamba.

Musanalowetse dzanja kulikonse, chotsani kiyi. Izi musazipeputse. Mota ya mawaipa ndi yaing'ono koma ili ndi magiya amphamvu, ndipo inapangidwa kuti izibwezera mikono pansi ngakhale swichi yazimitsidwa. Ikhoza kuyamba yokha chala chanu chili pakati pa zitsulo.

Mota ikulira koma mikono siikuyenda

Yambani ndi nati ija. Patsinde pa mkono uliwonse pali kachivindikiro ka pulasitiki. Kakanganuleni ndi sikuludilaiva yaphwatalala, muona nati. Kawirikawiri imafuna sipanala ya 12, 13 kapena 14. Mkono umakhala pa kashafuti kosongokera kumwamba kokhala ndi timizere tating'ono ngati mano. Kashafutiko n'kachitsulo cholimba, pamene tsinde la mkono n'lofewa, choncho nati ikamangidwa, manowo amadzilowetsa m'tsindemo n'kugwira. Nati ikamasuka pang'ono chabe, kashafuti kamangozungulira kokha, mkono uli phee.

Kuti mutsimikize, gwirani mkono muuyendetse ndi dzanja mofatsa. Ukamayenda mosavuta, yang'anani kashafuti: ngati mkono ukuyenda kashafuti kataima, vuto ndi nati kapena mano. Ngati kashafuti kakuyenda limodzi ndi mkono popanda chokaniza, vuto lili mkati, tifikako.

Musangomanga nati pomwe mkono waimapo. Imikani mikono yonse iwiri kuti isakhudze galasi, kapena chotsani womasukawo, yatsani mawaipa kamodzi n'kuzimitsa pa swichi kuti mota ibwerere pamalo pake popumira. Kenaka chotsani kiyi, goneketsani mkono pomwe umagona masiku onse, n'kumanga. Magalasi ambiri ali ndi kadontho kapena kamzere m'munsi kosonyeza pogona waipa; ngati palibe, fumbi lomwe limasiya mzere wokuthandizani. Mukaphonya apa, waipa izimenya m'mbali mwa galasi kapena kugundana ndi inzake. Mangani molimba koma osachita kukwerapo, kashafuti kakhoza kuthyoka.

Mukachotsa mkono n'kupeza m'mano mwadzaza tiziphuthu ta chitsulo chotuwa, ndiye kuti m'kati mwa tsinde mwasalala. Palani mano a kashafuti ndi burashi yawaya kapena nsonga ya singano mpaka aoneke bwino, bwezerani mkono ndi kumanga. Nthawi zambiri umagwiranso. Ukaterereka kachiwiri, gulani mkono wina. Kuwotcherera mkono pa kashafuti kumaoneka ngati nzeru lero, koma tsiku lodzafuna kufika pa mota mudzachita kudula ndi sowo. Mkono ukakanirira pochotsa, uimikeni, ugwedezeni patsinde uku mukukokera kumwamba, thiranipo mafuta ofewetsa dzimbiri ndipo dikirani. Musapanikize sikuludilaiva pagalasi.

Tsopano zamkati. Mota imazungulira mbali imodzi yokha, ngati gudumu. Chimene chimasandutsa kuzungulirako kukhala uku ndi uku ndi ndodo zachitsulo zimene amakaniko amati linkeji. Kumapeto kwa ndodo iliyonse kuli kabushi ka pulasitiki kovala pa kampira kachitsulo, ngati mmene fupa la ntchafu limalowera m'chiuno. Galimoto zambiri zimatifika kudzera ku Dar es Salaam zitayenda kale zaka khumi kapena kuposa, ndiye kutentha kwa kuno ndi fumbi zimamaliza timabushito. Kakatha, ndodo imaguluka n'kugwera pansi. Chizindikiro chake chimabwera kale: mawaipa amayamba kugogoda akamatembenuka, ndi kupitirira malire awo pang'ono.

Kuti mufikeko, matani kathepi pagalasi posonyeza pogona waipa iliyonse, chotsani mikono yonse, tsegulani boneti, chotsani labala lalitali ndi timakilipi togwira chipulasitiki chakuda chija, n'kuchinyamula mosamala. Onani kapaipi ka madzi kolumikizika kunsi kwake, musakadule. Jambulani ndi foni musanachotse china chilichonse. Ndodo yoguluka muiona nthawi yomweyo.

Ikanikizeni ibwerere pa kampira kake ndi pulayazi, mutapukuta ndi kupakapo girizi. Ikalowa ndi kaphokoso kogwira, ikhala. Ikalowa mopepuka, idzagulukanso mvula yoyamba yamphamvu. Kumanga ndi waya wofewa kapena timalamba ta pulasitiki, momasuka pang'ono kuti mfundoyo izitha kutembenuka, kukhoza kukufikitsani kunyumba, ndipo ndi ntchito yake yokhayo. Funani mabushi atsopano, kapena linkeji yonse yochotsedwa ku galimoto ina. Kwa Malangalanga ku Lilongwe kapena ku msika wa Ndirande zimapezeka. Nyamulani yakale mukayerekeze utali wa ndodo, ndipo gwedezani mfundo iliyonse ya imene mukugulayo; yogwejemuka isiyeni.

Pali kanati kenanso kamene anthu amakaiwala, kogwira kachitsulo kafupi pa shafuti ya mota yeniyeniyo. Kakamasuka, mota imalira koma linkeji yonse imangokhala.

Kuli zii

Apa yambani ndi fyuzi. Galimoto zambiri zili ndi mabokosi awiri, lina mu injini pafupi ndi batire, lina mkati, kunsi kwa dashibodi kapena kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala. Pachivindikiro pamakhala chithunzi. Buku la galimoto likhoza kukhala la Chijapani, koma maina a mafyuzi amalembedwa m'zilembo zathu zomwezi: funani WIP kapena WIPER. RR WIP ndi ya waipa yakumbuyo, WSH kapena WASHER ndi ya pampu yamadzi. Ya mawaipa akutsogolo imakhala ya 20A, 25A kapena 30A. Mitundu imathandiza nambala ikafufutika: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yoyera mbee 25A, yobiriwira 30A.

Izuleni ndi kopanira ka pulasitiki kamene kamakhala m'bokosi momwemo, muipenyetsetse powala. Kawaya kam'kati kakaduka kapena pakada, yapsa. Nthawi zina imathetheka mosaoneka, ndiye yesani ndi ina ngakhale ikuoneka yabwino. Ikanimo ya nambala yomweyo. Mukasowa, yocheperapo ikhoza kupsa msanga koma siiwononga kanthu; yokulirapo ndiyo yoopsa.

Pano ndikupempheni ndi mtima wonse: musakulunge fyuzi ndi waya, nsambo za kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi inaikidwa kuti izifa m'malo mwa mawaya. Mukailanda ntchito imeneyo, waya wa kuseri kwa dashibodi ndiye amasanduka fyuzi, ndipo amapsera pomwe simukuona, pakati pa mapulasitiki ndi masiponji. Galimoto zapsa chifukwa cha kachinthu ka mtengo wosafika ndi buledi yemwe.

Fyuzi yatsopano ikagwira, musasangalale msanga. Dzifunseni chinaipsereza n'chiyani. Ngati labala linamatirira pagalasi ndi utomoni wa mtengo, kapena nthambi inagwira mkono, chifukwa mwachipeza. Ikapsanso mutangotembenuza kiyi, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo. Ikapsa mawaipa atayenda kangapo, mota ikukoka moto wambiri chifukwa zitsulo zauma kapena mota yatopa. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: zulani pulagi ya mota, ikani fyuzi ina, yatsani. Ikapsabe, shoti ili m'mawaya kapena mu swichi. Ikapulumuka, mlandu uli ku mota ndi linkeji yake. M'nyengo yokolola, galimoto zimene zimagona pafupi ndi nkhokwe kapena zonyamula matumba a chimanga zimakopa makoswe, ndipo malo a kunsi kwa chipulasitiki chija amawakonda. Mukaona zitosi ndi zinyalala zotafunidwa, tsatirani waya aliyense ndi chala.

Fyuzi ili bwino? Onani ngati galimoto yanu ili ndi relay ya mawaipa m'bokosi la mu injini, kabokosi kakang'ono kamakona anayi kotsegula ndi kutseka njira ya moto. Ikani chala pamwamba pake wina akuyatsa swichi, muyenera kumva kakugunda. Ngati pali kena kofanana nako ndendende, nambala ndi miyendo yomwe, monga ka hutala, sinthanitsani muone. Pa Toyota zambiri zakale simukapeza, chifukwa zoyendetsa INT zinamangidwira mu swichi momwemo.

Mukatero pitani pa pulagi ya mota. Izuleni muyang'ane mkati: zobiriwira ngati ndere, dzimbiri kapena pulasitiki yosungunuka ndi zizindikiro zoti moto sumadutsa bwino. Palani, umitsani, bwezerani. Ndiye tengani tesita, ija yooneka ngati sikuludilaiva yokhala ndi babu ndi waya wa kopanira. Ndi yotsika mtengo ndipo imayankha mafunso ambiri. Panani kopanirako pa bauti yoyera ya bodi, yesani kaye pa batire kuti muone kuti babu likuyaka. Pa Toyota zambiri pulagi ili ndi mawaya asanu: wa moto wobwera kiyi ikakhala pa ON, wa LO, wa HI, wobwezera mikono pansi, ndi wa ethi, wobwezera moto ku batire kudzera pa bodi. Pulagi ili yozula, kiyi pa ON, bowo limodzi liyenera kuyatsa babu nthawi zonse, lina liyatse mukaika pa LO, lina pa HI. Galimoto zina, monga Nissan ndi Honda zingapo, zinalumikizidwa mobwerera: moto umakhala pa mota nthawi zonse ndipo swichi imapereka ethi. Pa zoterozo panani tesita ku mutu wa + wa batire poyesa LO ndi HI.

Moto ukakhala kuti sukufika pa pulagi pamene fyuzi ili bwino, kayikirani swichi kapena waya wapakati. Swichi yotopa imadziulula: mukaigwedeza kapena kuikanikiza pang'ono mawaipa amadzidzimuka n'kuyenda. Kuichotsa n'kosavuta pa galimoto zambiri, koma ili pafupi ndi mawaya a airbag, aja a mapulagi achikasu. Ngati simunazolowere, perekani ntchitoyi kwa wamagetsi a galimoto. Chimodzimodzi a ma hybrid monga Aqua ndi Prius: waya aliyense wa mtundu wa lalanje ndi wa moto waukulu wopha munthu, ndipo alibe chochita ndi mawaipa. Musamukhudze.

Moto ukamafika koma mota ili chete, musanaiweruze yesani ethi. Moto umafuna njira yobwerera, ndipo njirayo imadutsa pa waya kapena kachitsulo komangidwa ku bodi, pamalo pomwe madzi amakhala. Tengani waya wokhuthala, gunditsani mbali ina pa thupi lachitsulo la mota, ina pa mutu wa − wa batire, manja ali kutali ndi linkeji, wina ayatse. Ikadzuka, masulani bauti ya ethi, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mangani. Ikakhalabe chete, igogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludilaiva swichi ili pa LO. Ikayamba kuyenda, mabulashi a m'kati, timakala topereka moto ku mbali yozungulira ya mota, atha kapena amatirira. Amagetsi aluso amatsegula n'kuika mabulashi ena, ndipo mota imakhalanso zaka.

Akuyenda mwaulesi, kapena ang'ung'udza n'kuima

Lizani injini muone ngati asintha. Pa mita yoyezera magetsi, batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V injini ili yozima, ndipo injini ikulira muyenera kuona pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Mawaipa akamafooka limodzi ndi nyali, makamaka usiku wamvula pamene zonse zayaka, vuto ndi alternator, chipangizo chotchaja batire, kapena lamba wake, osati mawaipa.

Magetsi akakhala bwino, kayikirani timashafuti tiwiri tija. Timazungulira m'timapaipi momwe madzi ndi fumbi zimalowa, girizi n'kuuma, dzimbiri n'kumanga. Gululani ndodo pa mota, yendetsani linkeji ndi dzanja. Iyenera kuyenda ndi zala ziwiri. Ikalimba, chotsani kakilipi ka pamwamba pa kashafuti, katulutseni pogogoda ndi thabwa, palani ndi sandipepa yosalala, pakani girizi, bwezerani mawashala monga munawapezera. Kuthira mafuta opopera pamwamba kumangothandiza masiku ochepa. Ntchito imeneyi imapulumutsa mota, chifukwa mota zambiri zimafa ndi kukoka zitsulo zouma. Mukaika mota yatsopano pa linkeji youma, nayonso ifa.

Mudakali momwemo, chotsani masamba ndi matope onse. M'ngodya ziwiri za mphako imeneyi muli mabowo otulutsira madzi. Maluwa a jakaranda ndi masamba a mango akawatseka, mvula imadikha mpaka mota kumira, madzi ena n'kulowera mkati kunyowetsa kapeti. Thirani ndowa ya madzi muone ngati akutulukira pansi kuseri kwa matayala akutsogolo.

Akuima paliponse, kapena sakuzima

M'kati mwa giya ya mota muli kambale ka kopa ndi timiyendo tokhudza, kamene kamapitiriza kupereka moto mpaka mikono ifike pansi. Mawaipa akamaima pomwe mwazimitsira, kapena akamakana kuzima mpaka mutachotsa kiyi, nthawi zambiri ndi kameneka kada ndi girizi wakale kapena kapsa. Tsegulani chivindikiro cha giya, pukutani, pakani girizi watsopano pang'ono. Relay yomatirira imachititsanso kuti asazime. Koma akamaima malo amodzimodzi olakwika nthawi zonse, kambale kali bwino. Mikono kapena kachitsulo ka pa mota zinamangidwa mota isanabwerere popumira.

HI yokha ikamagwira LO ayi, kumbukirani kuti liwiro lililonse lili ndi bulashi lake m'mota ndi waya wake. Tesita ikuuzani: moto ukafika pa waya wa LO, vuto ndi bulashi, ukapanda kufika, ndi swichi. INT imadalira LO, ndiye zimafera limodzi. A galimoto zokhala ndi AUTO, ngati vuto linayamba mutasintha galasi, onani kachipangizo komva mvula kuseri kwa kalilole wapakati, mwina sikanamatidwe bwino pagalasi latsopanolo.

Zikafika pogula mota

Tengani yakale, yerekezani mabowo a mabauti, pulagi ndi nambala yolembedwa pathupi. Muyeseni wogulitsa ailumikize ku batire muione ikuzungulira pa maliwiro onse awiri. Oitanitsa pa intaneti samalani: galimoto zathu, monga za ku Zambia, Mozambique, Tanzania ndi South Africa, chiwongolero chili kumanja, ndipo mota ndi linkeji za galimoto ya chiwongolero kumanzere kawirikawiri sizilowa ngakhale dzina la galimoto lili limodzi. Malole ndi mabasi ambiri ndi a 24V, mota zake sizisinthana ndi za 12V. Poika, lumikizani pulagi kaye, yatsani n'kuzimitsa pa swichi kuti mota iime popumira, chotsani kiyi, ndipo pokhapo mangani linkeji monga chithunzi cha mufoni chikuonetsera. Yesani musanaike mikono, mutamata kathepi pa kashafuti kuti muone mbali yomwe kakuyambira kuyenda. Kakayamba kupita pansi, mwamanga mozondoka.

Labala ndi madzi

Mawaipa oyenda koma osiya mizere ndi chifunga nawonso ndi akufa, ndipo ndi zina mwa zimene amayang'ana poyeza COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Dzuwa la kuno, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, limaumitsa labala msanga; sinthani chaka chilichonse mvula isanayambe. Yezani utali wa akale, chifukwa awiriwo kawirikawiri amasiyana. Pochotsa waipa, yalani thaulo kapena katoni pagalasi: mkono uli ndi sipuling'i, ukaphonyoka wopanda waipa umang'amba galasi nthawi yomweyo. Waipa yatsopano ikamadumphadumpha, tsukani galasi bwino kuchotsa mafuta ndi utsi wa dizilo, kenaka onani ngati mkono sunapindike kapena sipuling'i yake kufooka.

Madzi akakana kutuluka, mverani pampu monga munamverera mota. Ikamalira, onani ngati m'thanki muli madzi, tsatirani kapaipi kuti mupeze pomwe kaguluka, ndipo tsegulani timabowo topopera ndi singano yopyapyala. Madzi a pamjigo amasiya miyala yoyera yotseka timabowoti, ndipo sopo waufa amaundana pansi pa thanki n'kutseka sefa ya pampu. Thirani madzi oyera ndi mankhwala otsukira galasi. Musapope thanki ili youma, pampu imapsa.

Waipa yakumbuyo ya Sienta, Vitz kapena Demio ikafa fyuzi yake ili bwino, tsegulani chitseko chakumbuyo muyang'ane kapaipi ka labala kopindikapindika kolumikiza denga ndi chitsekocho. Mawaya a m'menemo amapindika nthawi iliyonse mukatsegula, ndipo pakapita zaka amathyokera mkati. Kankhirani labalalo pambali, kokani waya aliyense mofatsa. Woduka atuluka yekha. Pomulumikiza, dulani mbali yonse youmayo, ikanipo chidutswa cha waya wofewa wa kukula komweko, ndipo mfundo zake zikhale kunja kwa malo opindikawo.